Chala cha Girisi pa Mlalang'amba

A Kanunkhiza anali ndi shopu ya gasi kumapeto kwa msewu wa omata matayala, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wina wosoka makatani. Dzinalo silinali la makolo. Anawapatsa ndi anzawo kudepoti ya gasi kumene anayambira ntchito yosenza masilinda, chifukwa ankatha kuima pakhomo la shedi yodzaza masilinda mazana atatu, n'kutukula mphuno pang'ono ngati galu wamva nyama yootcha, kenako n'kuloza imodzi yapakona kuti iyo ndiye ikutuluka gasi. Akaithira madzi a sopo, thovu linkatukusira pomwepo. Dzinalo linawakanirira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomwelo.

Nsidze yakumanzere analibe. Ana akawafunsa, ankawauza kuti inadyedwa ndi mphemvu chifukwa anagona osasamba kumaso. Makasitomala ankawauza kuti inapsa akupulumutsa banja la anthu asanu ndi awiri, ndipo anthu opulumutsidwawo ankachuluka chaka ndi chaka. Zoona zake ankazidziwa akazi awo okha, poti analipo. Masiku amenewo mayiwo anali mtsikana wogulitsa tiyi pageti la depoti, ndipo mnyamata wina wofuna kuoneka wolimba mtima anayesa silinda ndi machesi m'malo mwa sopo. Mayiwo ankati anavomera kukwatiwa ndi mnyamatayo chifukwa cha chisoni, poona kuti munthu wotere akasiyidwa yekha satha chaka.

Kuyambira tsiku limenelo a Kanunkhiza sanafunenso kuona moto pafupi ndi gasi. M'shopu munali sikelo yachitsulo, masipanala awiri, mapaipi a labala okolekedwa pamsomali, mawashala, timphete totsekera polumikiza paipi, m'chitini cha mkaka, ndi botolo lofayira madzi. Botololo linali la osuta fodya. Munthu akangoponda pakhonde ndudu ili kukamwa, ankangozindikira kumaso kwanyowa, mwini shopu akumupatsa moni mwaulemu ngati palibe chachitika.

Mphunoyo sinkagwira ntchito ya gasi yokha. Amene anavutika nayo kwambiri anali alamu awo, achimwene a akazi awo, kalaliki wopuma pantchito amene ankabwera Lamlungu lililonse masana kudzadya ndi kudzatamanda mwana wawo woyendetsa ndege. Alamuwo akati akuchokera kumsonkhano wa akuluampingo, a Kanunkhiza ankawakumbatira mwachikondi, n'kukoka mpweya wautali, n'kufunsa mokweza ngati masiku ano mpingo wayamba kukumana m'bala.

Ana anali atatu. Awiri oyamba anakula n'kupeza zawo popanda kuvutitsa munthu. Wotsiriza, wamkazi, amene aliyense ankangomutcha Mzime, ndiye anali wa mafunso osatha. Anapita kuyunivesite n'kumaliza, anabwereranso n'kumalizanso, anabwereranso kachitatu, mpaka amayi ake anamukokera pambali n'kumufunsa ngati akumalephera mayeso koma akuchita manyazi kunena. Pomaliza anamulemba ntchito komweko, kunthambi ya ophunzira zakumwamba. Chimene ankachita kumeneko, makolo ake sankachidziwa bwinobwino. A Kanunkhiza ankangouza anthu kuti amawerenga nyenyezi, ndipo alamu ankayankha kuti mwana wawo amazidutsa pafupi tsiku lililonse.

Lamlungu lina alamu atagona ndi chimfine, Mzime anapeza mpata wofotokoza. Anatenga tochi ya bambo ake n'kuiika kumapeto kwa tebulo, pakati n'kuika ketulo yotuluka nthunzi, amayi ake n'kuwakhazika mbali inayo. Anati kutali kwambiri, kuseri kwa nyenyezi zonse zimene timaona, kuli nyali zowala koopsa zimene asayansi amazitcha kweza. Kuwala kwa kweza kumayenda zaka mabiliyoni kuti kufike kuno. Panjira kumadutsa m'gasi wozungulira mlalang'amba wina, ndiye kuti khamu lalikulu la nyenyezi ngati lathuli, ndipo gasiyo amadyako mitundu ina ya kuwalako. Kukamafika kuno kumafika ndi mipata, ngati m'kamwa mwa magweru. Akaona magweruwo, amadziwa kuti panjira pali gasi, ndiponso kuti ali kutali bwanji. Koma mlalang'amba mwini gasiyo suoneka, chifukwa kweza amathobwa m'maso monga momwe nyali za lole zimabisira munthu wapanjinga. Ntchito ya Mzime inali kupeza mlalang'amba wobisalawo, n'kuyeza kulemera kwa gasi wake wozizira, amene nyenyezi zatsopano zimabadwiramo.

Pa mawu akuti kuyeza kulemera kwa gasi, a Kanunkhiza anasiya kutafuna.

"Sikelo yake ndi yotani?" anafunsa.

Mzime anati si sikelo ayi, koma madishi akuluakulu ngati a wailesi yakanema, oikidwa paphiri louma kudziko lina lakutali, amene amamvetsera kumwamba. Vuto ndi lakuti gasi wozizirayo, amene tizidutswa take timayenda tiwiritiwiri togwirana, salankhula. Ndiye amamvetsera mnzake amene amayenda naye nthawi zonse, mpweya womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Akamva kuti mnzakeyo ndi wochuluka chotere, amawerengetsa kuti wosalankhulayo ndi wochuluka chotere.

Amayi ake anachotsa ketulo patebulo n'kufunsa ngati zaka zonse zija zapasukulu zinali zokafunira utsi wa mbaula. Koma bambo ake nkhope inawala. Kwa iwo nkhani inali yapafupi: mwana walowa ntchito ya banja, wangosankha makasitomala akutali.

Lamlungu lotsatira alamu atachira n'kuyamba za ndege, a Kanunkhiza anangoti, akuyang'ana m'mbale, Mzime masiku ano ali pa kweza. Alamu anamva kuti mtsikanayo akwezedwa pantchito, ndipo palibe anawakonza. Pofika Lachitatu azakhali, atsibweni ndi asuweni onse anali ataimbira Mzime foni yomuyamikira, ena akufunsa ngati ofesi yatsopanoyo ili ndi malo a wapamtokoma. Mzime atadandaula, bambo ake anati iwo sananame liwu ndi limodzi lomwe, makutu a alamu ndiwo ayenera kupita kuchipatala.

Patapita miyezi ingapo, Mzime anayamba kubwera ali khuma, chakudya n'kumangochitosatosa. Panali kweza wina amene kuwala kwake kunali ndi magweru aakulu zedi, kusonyeza kuti panjira pali gasi wambiri. Kalelo anali atapempha nthawi pa madishi aja, anadikira chaka chathunthu, anamupatsa maola ochepa, ndipo zotsatira zitabwera munalibe kanthu. Mlalang'ambawo unayenera kukhala pafupi ndi kweza, koma pamenepo panali zii. Miyezi itatu anakhala akutembenuza manambala omwewo.

A Kanunkhiza anamvetsera, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti pamene umamva fungo si pamene pabooka. Anati gasi amakwawa pansi ngati njoka, umamumva pabalaza chikhalirecho paipi yang'ambika kuseri kwa kabati yakukhitchini. Mzime anayankha mwaulemu kuti m'mbali namo anayang'anamo kale. Bambo ake anagwedeza mutu ngati avomereza, koma mumtima anali atagamula kale kuti ana a sukulu sadziwa kufunafuna, ndipo ntchito imeneyi ikufunika munthu wamkulu.

Lachiwiri m'mawa anasiya kiyi wa shopu kwa mayi wa makatani, anakwera basi atavala ovololo yawo ya masiku onse, chikwama cha zipangizo chili m'manja poti popanda icho ankamva ngati ali maliseche. Nyumba ya asayansiyo inali ya nsanjika zitatu, makonde ake aatali onunkha polishi ndi mapepala akale. Asanatsegule pakamwa, mayi wa paofesi yolandirira alendo anayang'ana ovololoyo ndi chikwamacho, n'kuwakalipira kuti akhala akuimba foni sabata yonse, sitovu ili m'chipinda chomwera tiyi m'mwamba. A Kanunkhiza akanatha kunena kuti iwo ndi bambo ake a wasayansi wa pano. Anaganiza pang'ono, anavula chipewa, n'kupepesa chifukwa chochedwa.

Fungo analimva ali pamasitepe. M'chipindamo munali sitovu ya mbale ziwiri, silinda ili pansi pa sinki, ndipo paipi yake inali yong'aluka, wina ataikulunga ndi tepi yomatira mapepala. Anatseka silinda, anatsegula mawindo onse, n'kuimirira kaye kuyang'ana tepiyo ngati munthu wafika pamaliro. Kenako anagwada n'kuyamba kusintha paipi.

Ali pansi pa sinkipo munalowa pulofesa, mkulu wa nthambiyo, kapu ili m'manja. Anali wamtali, wadazi, juzi yake yobooka pachigongono. Anali munthu wabwino, koma anali ndi matenda ofotokoza: akapeza khutu lililonse losatanganidwa, sankalisiya. A Kanunkhiza anatulutsa mutu n'kufunsa modzichepetsa kuti kodi m'nyumba yokongola chonchi mumagwiridwa ntchito yanji. Pulofesa anakoka mpando.

Anayamba ndi nyali zakutali zija, akujambula m'mwamba ndi supuni. A Kanunkhiza ankangoti "oho," sipanala ikuzungulira pang'onopang'ono. Pulofesa atafika pa gasi wapanjira, wokonza sitovuyo anakanda pamene panayenera kukhala nsidze, n'kunena ngati akungoganiza mokweza:

"Ndiye kuti, bwana, kuwalako kukamafika kuno kumafika kutadyedwa mwina ndi mwina? Ngati magweru?"

Pulofesa anati ndi momwemo ndithu, ndipo ophunzira ake ena zimawatengera mwezi kuti amvetse zimenezo. Anapitiriza ndi mphamvu zatsopano, n'kudandaula kuti gasi wozizira amene iwo amamufuna satulutsa chizindikiro chilichonse chomveka. A Kanunkhiza anamanga paipi, anaipaka madzi a sopo, anaiyang'anitsitsa, kenako n'kuponya mawu chakumbali.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma poti iyeyo salankhula, bwanji osamvetsera mnzake amene amayenda naye? Ngati mpweya wa mbaula uja. Ukadziwa wina, mnzakeyo ungowerengetsa."

Pulofesa anaika kapu pansi mosamala kwambiri. Anatuluka pakhonde n'kuyamba kugogoda zitseko, akuitana aliyense kuti adzaone munthu wokonza sitovu amene watulukira yekha, ali chogwada pansi pa sinki, njira imene inatengera asayansi zaka zambirimbiri. Anthu anadzaza pakhomo. A Kanunkhiza anaimirira n'kupinda manja kumbuyo, maso pansi, ngati mwana wasukulu woti alandire mphoto. Womaliza kufika anali Mzime, cholembera chili kukamwa. Anasuzumira paphewa la mnzake, cholemberacho n'kugwa.

"Ababa, mukutani kuno?"

Pulofesa anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana bamboyo, n'kuona kuti mphuno ndi imodzi. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ikutsika. Mzime yekha ndiye sanaseke. Anagwira bambo ake pamkono n'kuwakokera kuofesi yake, iwo akutembenuka kuuza anthu kuti sitovu aitsegule pakatha mphindi khumi, ndipo amene anamata tepi ija adziulule yekha asanamununkhize.

Ofesiyo inawakhumudwitsa. Ankayembekeza chipaipi chachikulu cholozera kumwamba, koma anapeza kachipinda kopanda windo, makapu atatu osatsuka, ndi kompyuta yoonetsa chithunzi cha timadontho totuwa ngati wailesi yakanema yopanda mlongoti. Mzime, ataphwa mkwiyo pang'ono, anawaonetsa kamtanda pakati pa chithunzicho, kuti kweza ali apa, ndipo mlalang'amba unayenera kukhala chapafupi pomwepa. A Kanunkhiza anavala magalasi, anaweramira pagalasi la kompyutayo, ndipo mwachizolowezi anakoka mpweya kawiri. Kenako anadinda chala chawo cha girisi chakumanzere kwenikweni kwa chithunzicho n'kunena kuti ndi apa. Mzime anatenga kansalu n'kupukuta, koma girisi wa gasi sachoka msanga. Chidindocho chinakhala pamenepo milungu ingapo, ndipo anzake ankabwera kudzachiona.

Patatha milungu isanu, mlalang'amba unapezeka. Mzime anabwerezanso kusefa manambala ake, nthawi ino akumvetsera mosuntha pang'ono ndi pamene ankamvetsera poyamba, ngati munthu wosaka siteshoni pawailesi, ndipo kadontho kowala kanatulukira. Unali mlalang'amba wolemera ndi gasi wozizira kuposa wathu kangapo, ndipo unali kutali ndi kweza kuposa mmene aliyense ankaganizira, kusonyeza kuti gasi wake wamwazikira patali zedi kuzungulira nyenyezi zake. Kadonthoko kanali chakumanja kwenikweni kwa chithunzi.

Atabwera ndi nkhaniyo kunyumba, bambo ake sanadabwe n'komwe. Anati ananena. Mzime anavomera kuti za kufunafuna patali ananenadi, koma chala chawo chinaloza kumanzere, ndipo mboni zilipo zambiri. A Kanunkhiza anatulutsa foni n'kuimbira pulofesa, poti anali atapatsana manambala chifukwa cha sitovu ya kunyumba kwa pulofesayo. Anaika foni poti onse amve, n'kufunsa ngati kumanzere kwa kumwamba n'chimodzimodzi ndi kumanzere kwa pansi pano. Pulofesa, amene sankatha kukana funso, anafotokoza kuti ayi, pazithunzi za kumwamba kum'mawa kumakhala kumanzere ndipo kumadzulo kumanja, mosiyana ndi mapu a dziko, chifukwa kumwamba timakuyang'ana chagada. Anali mawu oona, ngakhale sankakhudzana ndi mlanduwo mpang'ono pomwe. A Kanunkhiza anathokoza n'kudula foni pulofesa asanafike pa mawu akuti koma.

Kuyambira pamenepo msewu wonse unadziwa kuti iwo anapeza mlalang'amba ndi chala, kompyuta n'kuutembenuza. Wometa tsitsi ankauza makasitomala ake zomwezo, akuwonjezera kuti anaupeza atatsinzina. Mzime anatsutsa kwa mwezi umodzi, kenako anatopa. Amayi ake anamulangiza kuti angowasiya, poti bambo akewo akhala zaka makumi anayi akupulumutsa banja limene kulibe, mlalang'amba umodzi si kanthu.

Tsiku loti Mzime afotokoze zimene anapeza pamaso pa anzake ndi alendo ochokera kwina, makolo ake anaitanidwa. A Kanunkhiza anavala suti ya paukwati wa mwana wawo woyamba, yothina m'mapewa, n'kukhala mzere wakutsogolo. Akazi awo anawalumbiritsa m'basi kuti satsegula pakamwa. Kwa ola lathunthu anasunga lumbirolo, ngakhale pakati pake anasinza pang'ono, mizere yokhotakhota ikusinthana pakhoma. Itakwana nthawi ya mafunso, alendo awiri anafunsa zawo zazitali, Mzime n'kuyankha bwino. Kenako dzanja la suti yothina linakwera. Akazi awo anawaponda phazi, koma pulofesa anali atawaloza kale.

Anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kufunsa kuti gasi ameneyu, mmene akugwiritsidwira ntchitomu, atha liti.

Mtima wa Mzime unakhala pansi, chifukwa linali funso lenileni, ndipo yankho anali nalo. Anati mlalang'ambawo ukapitiriza kubala nyenyezi mwa liwiro limeneli, gasi wake angathe pa zaka ngati mamiliyoni mazana asanu. Anawonjezera kuti popeza chizindikiro chimene anamvacho chinanyamuka kumeneko zaka mabiliyoni zapitazo, n'kutheka kuti pofika lero gasiyo anatha kalekale.

A Kanunkhiza anawerengetsa pazala.

"Ndiye kuti, mwana wanga, chaka chonsechi wakhala ukuyeza silinda yopanda kanthu?"

Holo yonse inagwa ndi phwete, ndipo mlendo wina amene sanamve chinenerocho anapempha kuti amumasulire, naye n'kuseka mochedwa ali yekha. Mzime anaphimba nkhope ndi mapepala ake, mapewa akugwedezeka. Atatha kuseka anayankha kuti inde, Ababa, koma tikudziwa kuti inaphika chiyani: nyenyezi mabiliyoni. Bambo ake anavomereza kuti ngati zili choncho gasiyo sanawonongeke, n'kukhala pansi.

Pobwerera m'basi a Kanunkhiza anali okhutira ngati munthu wadya paukwati. Anamasula tayi, anatambasula miyendo, n'kuuza akazi awo kuti akafika kunyumba amuikire tiyi wamkaka wotentha bwino, chifukwa sayansi imaumitsa kukhosi. Mayiwo anayang'ana pawindo kanthawi, kenako ananena mosakweza mawu kuti tiyiyo akamwera kwa aneba, poti gasi wa kunyumba kwawo anatha dzulo masana, ndipo anawauza katatu.